Kodi nsomba nayo imamva kuwawa ngati mbuzi?

Mayi wina wa ku Katete wanditumizira imelo, akuti mwana wawo anakaniratu nyama ataona mbuzi ikuphedwa koma nsomba, nkhuku ndi inswa akudya bwinobwino, ndiye akufunsa ngati zamoyozi zimasiyanadi pakamvedwe ka ululu.

Amayi, mwanayo watengeka ndi kulira chabe. Mbuzi imakuwa mpaka mudzi wonse kudziwa kuti lero kuli ndiwo, pomwe nsomba imangophiriphitha kukamwa yasa, mawu osatuluka. Koma kusalira sikusamva ayi. Mu 2003 Lynne Sneddon ku Scotland anabaya nsomba za trout pamilomo ndi asidi wa mu viniga, zinasiya kudya nkumakhula milomo pa timiyala, ndipo zomwe anazipatsa morphine kukhulako kunachepa. Nanga mankhwala opha ululu angaletse chani ngati ululuwo panalibe? Nkhuku nazo, ku Bristol mu 2000 anapeza kuti mabroila otsimphina amasankha okha chakudya chothira mankhwala a ululu kuposa anzawo a miyendo yabwino.

Ena amati tiyeze ndi ubongo. Njovu ngati za ku South Luangwa zili ndi maselo a mu ubongo pafupifupi 257 biliyoni, munthu 86 biliyoni, njuchi cha m'ma 1 miliyoni, ndiye tinene kuti njovu imamva kuwawa katatu kuposa inu? Masamu amenewo ine sindiwagula. Ku Britain lamulo la 2022 linaika ngakhale nkhanu pagulu la zomwe zimamva. Inswa ndi tizilombo tina umboni wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mbuzi, pamenepo mwanayo asiyeni azikukuta.

Chomwe chimandivuta ine ndi nkhuku. Mbuzi ndi mpeni wakuthwa imatha mphindi zochepa, koma nkhuku ija mwaimanga miyendo ndi luzi, mwaipachika chadodolido pa handulo ya njinga kuchoka kumudzi mpaka pa Saturday Market, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, madzi osalawa, kukamwa pululu ikupuma wefuwefu. Mbalame ilibe kamnofu kaja kolekanitsa chifuwa ndi mimba, ndiye ikazondoka zam'mimba zimapanikiza mtima ndi mopumira. Maola amenewo ndi ambiri kuposa a mbuzi, kungoti palibe amatseka makutu.

Ndiye muuzeni zoona mwanayo kuti nkhuku ndi nsomba nazo zimamva, musamukakamize nyama, ndipo ulendo wina a bambo ake popita ndi nkhuku kumsika aziike mu dengu.