Foni ikaima pa "Obtaining IP address", musathamangire kusintha SIM

Achimwene a ku Nchalo, mwati pa resitihausi panu mafoni ena akulowa pa WiFi bwinobwino, ena akungokakamira pa "Obtaining IP address", makamaka madzulo alendo akachuluka.  Amene akuti musinthe SIM kapena pasiwedi akukutayitsani nthawi. Foni ikafika pamenepo ndiye kuti pasiwedi yadutsa kale, ikungodikira nambala yoizindikiritsa pa netiweki (IP address), imene rauta imagawa yokha kudzera mu dongosolo lotchedwa DHCP.

Ngati ndi ka MiFi ka m'thumba, musavutike n'kufufuza. Tambiri timalandira zipangizo 10, tina 16, basi. Wobwera pambuyo adikira mpaka wina atuluke. Pa resitihausi sikangakwane, gulani rauta yeniyeni.

Ngati rauta muli nayo kale, lowani m'masetingi ake polemba mu browser adilesi yolembedwa kunsi kwake, Huawei nthawi zambiri ndi 192.168.8.1, TP-Link 192.168.0.1. Pa DHCP onani kuti manambala ayambira pati n'kuthera pati. Akakhala ochepa, akulitseni, mwachitsanzo kuyambira .20 mpaka .250. Kenako "lease time", nthawi imene foni imasunga nambala imene yapatsidwa. Ikakhala maola 24, dalaivala amene ananyamuka m'mamawa kupita ku Nsanje akadali ndi nambala yake mpaka mawa. Ikani maola 2.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi rauta yachiwiri yokokera netiweki ku zipinda za kuseri. Waya akalowa pa bowo la LAN koma DHCP yake ili yoyatsa, marauta onse awiri amagawa manambala, mafoni ena n'kulandira olakwika. Zimitsani DHCP pa yachiwiriyo. Pa laputopu ya Windows tsegulani Command Prompt n'kulemba ipconfig: mukaona nambala yoyamba ndi 169.254, palibe amene waipatsa nambala. Onaninso kuti MAC filter, imene imasankha zipangizo zololedwa kulowa, siinayatsidwe.

Musamalembe manambala pamanja m'mafoni a alendo, awiri akafanana onse amadukaduka. Kabowo ka Reset musakabaye ndi singano musanajambule masetingi, dzina la WiFi, pasiwedi ndi APN (masetingi a intaneti a SIM) imene munaika zimafufutika.

Ndiponso rautayo ichotseni pansi pa malata. Okutobala wa kuno, kutentha kukadutsa madigiri 40, imauma mutu magetsi ake akuyakabe. Ikhale pamthunzi podutsa mphepo, osaiphimba ndi kansalu poopa fumbi.