Funsani Azakhali: Amuna anga akutha ndi kokeni, ndiwathandize bwanji?

FUNSO

Azakhali, ndine mai wa ana atatu, ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata ndipo ndimagulitsa salaula pamsika. Nkhaniyi sindinauzeko munthu olo mmodzi. Amuna anga amakaoda mafoni ndi tizipangizo tamagetsi ku Lusaka, nde kumeneko nkomwe anaphunzira kokeni, akuti poyamba anzawo amangowapatsa kuti asamagone paulendo, pano papita zaka zambiri ndipo zafika poipa. Ndinazindikira ndikuchapa jekete yawo, mthumba munali timapepala tapulasitiki tomanga mfundo tili ndi ufa woyera, ndi ndalama yapepala yokulunga yomwe amakokera m'mphuno. Amatuluka kamfuno pafupipafupi, amatha masiku awiri osagona akungolankhula mothamanga za mapulani a ndalama, kenako kugona tsiku lonse, akadzuka ndi ukali okhaokha. Filiji anagulitsa, ndalama yanga ya chilimba anaichotsa mufoni, a kaloba akabwera pakhomo ndimawalipira ine kuopa manyazi kwa maneba. Apongozi akuti mwana wawo anamulodza anzake ansanje. Akakhala bwinobwino amalira nkulumbira kuti asiya koma pakatha sabata ayambanso. Kodi alipo mankhwala? Ndikawanene ku DEC, bungwe la boma lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo? Kapena ndingolongedza ndibwerere kwathu ku Katete?

Amai a ku Kapata, Chipata

YANKHO

Mwana wanga, pepani, katundu mwasenza nokhayu ngolemera zedi. Ndiyambe ndi za ufitizo chifukwa ndi zimene zimachedwetsa mabanja ambiri kupita kuchipatala: amuna anu sanalodzedwe. Kokeni amapangidwa kuchokera ku masamba a chitsamba cha coca chomwe chimalimidwa ku Colombia, Peru ndi Bolivia, ndipo akalowa mthupi amapangitsa kuti dopamine, kamene mu ubongo kamatipatsa chisangalalo, kaunjikane mopyola muyeso. Munthu amadziona wamphamvu, tulo palibe, njala palibe, nkhani mbwee. Koma wokokera m'mphuno amatha mphamvu pa mphindi 15 mpaka 30 chabe, wosuta uja amati crack ndiye mphindi 5 mpaka 10, kenako munthu amagwa mphwayi ndi ukali, thupi likufunanso wina. Zaka zikamapita ubongo umazolowera mpaka nsima, mpira, kuseka kwa ana, zonse sizimukomanso popanda ufawo. Nde misozi mumaionayo si yonama ayi, amafunadi kusiya, kungoti lumbiro lokha silingakonze ubongo womwe wazolowera kwa zaka.

Za mankhwala ndikuuzeni chilungamo. Ozolowera heroin, mankhwala ena ozunguza bongo, ali ndi mankhwala akuchipatala otchedwa methadone, koma a kokeni palibe piritsi kapena jekeseni yomwe madokotala anavomereza kuti imachotsa chilakolakocho, ndiye aliyense wokutsatsani tiyi kaya zitsamba zotsuka magazi pa Facebook angokudyerani ndalama. Chomwe chimathandiza ndi uphungu wobwerezabwereza, sabata ndi sabata kwa miyezi, pomwe munthu amaphunzira kudziwa zimene zimamuutsa chilakolako ndi chochita chikabwera, nthawi zina kumamuyeza mkodzo nkumamupatsa kamphoto akapezeka kuti sanagwiritse. Adokotala amaonanso mtima, BP, tulo ndi matenda a nkhawa omwe nthawi zambiri amabisala pansi pake. Yambirani pa kiliniki yanu kapena ku Chipata Central Hospital mufunse mbali yoona za maganizo, zikafuna kugonekedwa angakutumizeni ku Chainama ku Lusaka. Ndikudziwa dzina la Chainama limaopsa, anthu amangoti nkwa amisala, koma kumeneko amathandizanso anthu a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ena amatuluka nkubwerera ku ntchito zawo.

Polankhula nawo musasankhe nthawi yomwe maso ali tong'o akulankhula mothamanga, kapena pomwe angodzuka ndi ukali uja, pamenepo mungoputa ndewu. Dikirani tsiku lomwe adya, mtima uli pansi, ana kulibe. Musayambe ndi kutukwana, tchulani zomwe mwaona ndi maso anu, magazi pa pilo, filiji, mwana kufunsa kuti atate bwanji sagona, ndipo mupemphe chinthu chimodzi chokha chooneka, kuti a bambo a ana, Lolemba mmawa tipite tonse kuchipatala, ine ndikhala nanu pamzere. Akakana osakokana nawo, mudzabwerezenso tsiku lina, ndipo inu mutha kupita nokha kaye kukalankhula ndi aphungu.

Tsopano za ndalama, apa mundimvetsetse bwino chifukwa ndi pomwe chikondi chimatisokoneza azimai. Nthawi iliyonse mukalipira a kaloba, amuna anu amaoneka munthu wobweza ngongole, nde mawa awakongozanso, ndipo ndalamayo ikupita kwa wogulitsa ufa. Lekani kulipira ngongole yomwe simunasainire. Sinthani PIN ya mufoni lero lomwe, osaika chaka chobadwa cha mwana chomwe iwo akuchidziwa. Amai osunga chilimba muwauze kuti ikafika nthawi yanu azikupatsani pamanja muli pamsika, mugule belo tsiku lomwelo ndalama isagone mnyumba. Mapepala a puloti, makadi a ku banki ndi ma NRC kasungitseni kwa m'bale wokhulupirika. Izi sikuwalanda ubambo ayi, ndipo muwauze poyera kuti mukuchita zimenezi mpaka atachira, osachita mobisa.

Chinanso chachikulu ndi maulendo a ku Lusaka aja. Munthu wofuna kusiya kokeni sangakwere basi yekha pa Great East Road, ndalama za oda zili mthumba, kupita komwe kuli anzake omwe anamuphunzitsa, nkumayembekeza kuti abwera bwinobwino. Kwa miyezi ingapo katundu aziodedwa pafoni, ndalama izitumizidwa kwa mwini sitolo, katundu azibwera pa basi, kapena azipita mlamu wanu. Manambala a ogulitsa afufutidwe, ngati nkotheka asinthe simu. Ndipo mowa nawo uyime, osati ati kabotolo kamodzi chabe. Mowa ndi umene umatsegula chitseko kuti ayambirenso, komanso ukakumana ndi kokeni mchiwindi zimapanga chinthu china chotchedwa cocaethylene chomwe chimakhalitsa mthupi ndipo chimapweteka mtima kuposa kokeni payekha.

Mwati simunauzeko munthu. Mwana wanga, mutu umodzi susenza denga, ndipo kubisa kwanuku kwathandiza ufawo kuposa amuna anu. Sindikunena kuti mulengeze pamsika, koma ankhoswe a mbali zonse ziwiri adziwe, ntchito yawo si ya tsiku la ukwati lokha. Pezani mwamuna mmodzi yemwe amuna anu amamulemekeza, malume awo kaya akulu awo, woti angamuimbire usiku chilakolako chikavuta. Apongozi musalimbane nawo, iwonso ndi mai amene akuona mwana wawo akuwonda ndipo akufuna poloza chala. Atengeni tsiku lopita kuchipatala akadzimvere okha kwa adokotala. Mapemphero apitirire, ine ndimakhulupirira pemphero, koma abusa abwino amapemphera nkukuperekezani kuchipatala, sakuuzani kuti musiye uphungu.

Za DEC, ganizani mofatsa. Kupezeka ndi kokeni ndi mlandu pansi pa lamulo la mankhwala ozunguza bongo la 2021, nde mukapita kukanena kuti mnyumba mwanga muli ufa, dziwani kuti zingathere ku khoti. Koma DEC yomweyo ili ndi mbali yophunzitsa anthu ndi kupereka uphungu, ndipo lamulo lomwelo limakambanso za chithandizo kwa ozolowera mankhwalawa, ndiye mutha kukafunsa za uphungu, makamaka iwo eni ake atapita okha kukapempha thandizo. Chomwe ndikukuletsani ndi kutenga timapepala tija nkuika mu handibagi yanu ati mukasonyeze umboni, mukapezeka nato mlandu ugwera inu. Auzeni mosabisa kuti mnyumba mogona ana ufawo usalowenso, mwana wamng'ono akanyambita akhoza kufa.

Akasiya, masiku oyamba adzagona kwambiri, kudya kwambiri, kukwiya ndi zazing'ono ndi kutaya mtima, ena amafika poganiza zodzipha. Akayamba kulankhula zoti bola kufa, musawasiye okha, chotsani mankhwala a mbewu ndi a makoswe mnyumba, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi akamva kupweteka pachifuwa, thukuta kamukamu, kukomoka, kapena mkono ndi pakamwa kupindika mbali imodzi, kokeni amatha kuimitsa mtima kapena kubweretsa sitiroko olo kwa munthu wazaka 30, ndipo mukafika auzeni anesi zoona zake za chomwe amwa, manyazi asakutsekeni pakamwa. Akaterereka nkugwiritsanso pakatha miyezi iwiri, mtima udzakuwawani koma musati zonse zapita pachabe, zimachitikira ambiri asanasiyiretu, chofunika abwerere kwa mphungu sabata yomweyo mukaone chomwe chinawautsa.

Funso lanu lomaliza, lobwerera ku Katete, sindingakusankhireni, koma malire ake ndikuuzani. Ngati ukali uja wafika pokumenyani, kukuopsezani kapena kugwira ana, musadikire ankhoswe, tengani ana muchoke, mukanene ku Victim Support Unit ku polisi, kapena imbani 933 ya Lifeline, ndi yaulere. Ngati sanakwezepo dzanja koma akukana chithandizo chilichonse mwezi ndi mwezi, kupita kwanu kwa kanthawi sikuwataya, muwauze kuti mudzabwerera akayamba kuonana ndi aphungu, ndipo zomwe mwanenazo muzichitedi, osaopseza chabe. Inunso mukayezetse magazi, HIV ndi matenda ena, chifukwa munthu akakhala mu ufawo sasamala zomwe akuchita kunja, ndipo pomwe muli kuchipatalako mupemphe kuti nanunso azikuonani mphungu wanu panokha, kusagona ndi mantha a zaka zonsezi zimafunanso chithandizo. Mundilemberenso mukapitako, ndikufuna kumva momwe zayendera.

Azakhali