Za Afoinike, agogo anga ndi dzina limene ndidapatsidwa ku Fomu 2

Sabata yatha kudabwera imelo yochokera kwa achemwali ena a ku Bulawayo, amene makolo awo kwawo ndi kuno. Akuti mwana wawo wafunsa ngati n'zoona kuti Great Zimbabwe, mzinda wakale wamiyala uja wa kufupi ndi Masvingo, adamanga ndi Afoinike, poti malemu agogo ake ankatero. Achemwali, mwatokosa pachilonda.

Agogo anga aamuna adagwira ntchito ku Southern Rhodesia zaka zambiri, kukhitchini kwa mzungu. Adabwerako ndi njinga, jekete lakuda, sutikesi yamalata, ndi nkhani yomweyi. Madzulo tikuwotha moto, iwo ankatola timiyala n'kumatisanjikiza pansi kuti tione. "Mwala pamwala, mdzukulu wanga, opanda matope, opanda simenti. Munthu wakuda sangazithe zimenezo. Adamanga ndi Afoinike, anthu a Solomo." Ine n'kumeza zonse, poti akuluakulu sanama. Ndiye ndili Fomu 2 ndidakweza mkono m'kalasi n'kuzinena monyadira. Aphunzitsi adaseka mpaka kugwira tebulo, kalasi yonse n'kuphulika, ndipo mpaka kutsekera sukulu dzina langa lidali Mfoinike. Chidandiwawa kwambiri n'chakuti aphunzitsiwo sadafotokoze kanthu. Adangoseka, n'kupitiriza kulemba pabolodi.

Nditakula ndidayamba kuwerenga za anthu amenewa ndi mkwiyo, kufuna kupeza kuti sadali kanthu. Ndidagwa nayo. Adali akatswiri.

Kwawo kudali kagombe kopapatiza komwe lero ndi Lebanon ndi mbali ina ya Syria, mapiri kumbuyo, nyanja kutsogolo, malo olima ochepa. Mizinda yawo, Tyre, Sidon, Byblos ndi Arwad, uliwonse udali ndi mfumu yake. Tyre ndi uja timawerenga m'Baibulo kuti Turo, kwa mfumu Hiramu amene adatumizira Solomo matabwa a mkungudza omangira kachisi. Mkungudzawo si mtundu umodzi ndi wathu wa ku Mulanje, dzina lokha ndilo limodzi. Yezebeli naye adali mwana wa mfumu ya Asidoni. Tsegulani Ezekieli 27 muone katundu amene ankalowa ndi kutuluka pa Turo: siliva, chitsulo, minyanga ya njovu, vinyo, akavalo, ngakhale akapolo. Zimenezo tisabise, ankagulitsanso anthu.

Chimene chidawatchukitsa ndi utoto wa chibakuwa. Ankaufinya ku nkhono za m'nyanja, nkhono zikwizikwi kuti apeze kautoto kochepa, ndipo pamalo ophikira pankanunkha koopsa. Nsalu yake ankavala ndi mafumu. Ku Sidon mpaka lero kuli kaphiri ka zigoba za nkhono zimenezo. Kaphiri kameneko mukasunge m'mutu.

Kenako adayamba kutambasuka. Mafumu a Asuri ankawakhometsa msonkho wolemera, siliva wambiri adali ku Spain, ndiye zombo zidalunjika kumadzulo. Adamanga Kition ku Cyprus, Motya ku Sicily, midzi ina ku Malta ndi Sardinia, Utica, ndi Gadir, umene lero ndi Cádiz, kunja kwa khwawa la Gibraltar. Adafika mpaka pachilumba cha Mogador ku Morocco. Ankakonda kachilumba kapena kansonga kolowa m'nyanja, poti chombo chikocheze bwino ndipo adani asafike msanga. Waukulu pa yonse udali Carthage, ku Tunisia ya lero, umene mbiri imati udakhazikitsidwa mu 814 BC ndi anthu ochokera ku Tyre. Dzina lake m'chinenero chawo limangotanthauza mzinda watsopano. Zilembo zimene ndikulembera panozi nazonso gwero lake ndi komweko: zawo zidali 22, zopanda a, e, i, o, u. Agiriki adazitenga n'kuwonjezera zimenezo, Aroma n'kutengera pamenepo.

Pali nkhani imodzi imene ndimaikonda moti ndilephera kuidumpha. Herodotus, wolemba mbiri wa Chigiriki, adalemba kuti cha m'ma 600 BC Farao Necho adatuma Afoinike kuti azungulire Africa kuyambira ku Nyanja Yofiira. Nyengo yodzala ikafika ankakocheza, kudzala mbewu, kudikira kukolola, n'kupitiriza, ndipo adafika ku Egypt m'chaka chachitatu kudzera ku Gibraltar. Pobwerako adanena kuti pozungulira kumwerako dzuwa lidali kudzanja lawo lamanja, kutanthauza kumpoto. Herodotus adati iye zimenezo sakuzikhulupirira. Komatu mayi aliyense woyanika mphale mu June kuno akudziwa kuti dzuwa limapendekera kumpoto. Chimene mkuluyo adachiyesa bodza ndicho chimachititsa ena kuganiza kuti ulendowo udachitikadi. Akatswiri akadakanganabe. Ine mtima wanga umati adadutsa. Koma kudutsa pagombe ndi kwina, kulowa kumtunda makilomita mazanamazana n'kumanga mzinda ndi kwinanso.

Nanga bodza lija lidachokera kuti?

Mu 1871 Mjeremani wina, Karl Mauch, adafika pamabwinja a Great Zimbabwe ali kale ndi mfumukazi ya ku Seba m'mutu. Adabenthula kathabwa pamwamba pa khomo, n'kukanunkhiza, n'kuona kuti kakufanana ndi pensulo yake, basi n'kugamula kuti ndi mkungudza wa ku Lebanon. Udali mtengo wakomweko. Mu 1891 Theodore Bent adakumba ndi thandizo la kampani ya Cecil Rhodes, nayenso n'kuloza kwa Afoinike ndi Aluya. Nkhaniyo idawakomera atsamunda, chifukwa ngati alendo ndiwo adamanga kale, kubwera kwa alendo ena sikuoneka ngati kulanda. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 adakumba mosamala, onse n'kupeza kuti omanga adali anthu akuda akomweko. Koma boma la Rhodesia lidakakamirabe, moti Peter Garlake, amene ankayang'anira zamakedzana, adachoka m'dzikomo mu 1970 chifukwa chokana kunama. Agogo anga adaimva nkhani yawo akuperekera tiyi. Sindiwaimba mlandu. Mlandu ndimaimba aphunzitsi aja.

Munthu amadziwika ndi dzala lake. Paliponse pamene Afoinike adakhala adasiya mapale a mitsuko yawo, manda awo, zigoba za nkhono, ndi miyala yolembedwa m'zilembo zawo. Pa Great Zimbabwe palibe ngakhale chimodzi. Zakunja zimene zidapezeka ndi mikanda, mbale za ku China ndi Persia, ndi ndalama ya ku Kilwa, kugombe la Tanzania.

Ndiye achemwali, mwanayo muuzeni kuti ayi. Adamanga ndi makolo a Ashona, pakati pa zaka za m'ma 1100 ndi 1400, pomwe Carthage Aroma adali atauwononga kalekale mu 146 BC, zaka zoposa 1,200 m'mbuyomo. Ngati mungathe, mukwere naye basi ya ku Masvingo akadzionere yekha. Ndipo akalakwitsa pofunsa, chonde musamuseke.