Funsani Adokotala: likupweteka ndi bondo koma akuti ndijambulitse chiuno

FUNSO: Adokotala zikomo, ine ndi bambo wa zaka 43, ndimapalasa kabaza komanso ndili pa ma ARV. Bondo lakumanja landivuta kuyambira chaka chatha, pano ndikutsimphina, kunjuta kuchimbudzi ndi nkhondo ndipo nsapato amachita kundiveka ndi madamu. Mphini ndatemetsapo, indosidi ndikumwa tsiku ndi tsiku koma ayi ndithu. Kuchipatala anangondipinda mwendo n'kunena kuti ndikajambulitse chiuno, ine ndinangotulukako poona ngati akundiseweretsa. Anzanga akuti akakuika chitsulo basi sudzayendanso, zoona zimenezi? Wakabaza, Balaka

YANKHO: Achimwene, amene anakupindani mwendo uja amaidziwa ntchito yake, bwererani mukajambulitse. Pali mtsempha umene umatumikira pamene fupa la ntchafu lalumikizana ndi chiuno n'kutsikanso mpaka m'bondo, ndiye chiuno chikaonongeka ambiri amamva ululu m'mphechepeche, kutsogolo kwa ntchafu, ena m'bondo mokha, n'kumatemetsa mphini malo osalakwa. Zoti mukulephera kuwerama kuti muvale nsapatozo ine zikundilozera kuchiuno komweko.

Sindingagamule ndisanaone X-ray, koma pa msinkhu wanuwu chimene timayamba kuganizira si nyamakazi ya agogo ija ayi, ndi avascular necrosis, kutanthauza kuti magazi asiya kufika bwino ku mutu wa fupa la ntchafu ndiye fupalo limafa pang'onopang'ono mpaka kuphwanyika. Imapezeka kwambiri mwa anthu amene ali ndi HIV, omwa mowa kwambiri, a sickle cell, ndi amene amwa mankhwala a prednisolone kapena dexamethasone nthawi yaitali. Ma ARV musasiye chonde, kusiya sikudzutsa fupa, mungodzionjezera vuto lina.

Indosidi wa tsiku ndi tsikuyo ndiye akundidetsa nkhawa kuposa bondolo, iyeyo, bulufeni ndi diclofenac amaboola zilonda m'mimba n'kuononga impso, ndipo poti ma ARV ambiri kuno ali ndi tenofovir amenenso amafuna impso zabwino, mukapita ku kliniki kanenani kuti akuyezeni. Pakadali pano panado, ndi ndodo yogwira kudzanja lamanzere, inde mbali imene sikupwetekayo. Kabazayo ndikudziwa ndi pamene pamachokera ndiwo, koma kukoka munthu ndi thumba la chimanga pamtunda muchepetse.

Poyambira ndi pachipatala cha boma chapaboma panu, funsani kwa a mafupa, ma orthopaedic clinical officer amene Malawi wakhala akuwaphunzitsa kuyambira 1985, iwowo ndi amene angakulembereni kalata yopita ku Queens ku Blantyre kapena ku LION, chipatala cha mafupa chija chili pa Kamuzu Central ku Lilongwe.

Za chitsulozo anzanuwo akunama. Amachotsa mutu wa fupa woolawo n'kuikapo wopanga, munthu amamudzutsa kuti ayambe kuponda ndi ndodo pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, kenako mafizo kwa miyezi ingapo, ndipo chimatha kukhala zaka 15 mpaka 20 ngakhale kuposa. HIV si chifukwa chokukanizirani ngati viral load, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ili pansi. Chovuta chenicheni ndi mzere wa odikira komanso mtengo wake ku pulayiveti, n'chifukwa chake ndikuti kalembetseni msanga. Koma tsiku lina bondo kapena chiuno chikadzatupa n'kutentha, thupi nalo latentha, musadikire deti, amenewo akhoza kukhala mafinya m'kati, thamangani tsiku lomwelo.