N'chifukwa chiyani Beira ndi wa simenti pomwe Blantyre ndi wa njerwa?

Bambo wina wa ku Chilomoni, amene amayendetsa thiraki pakati pa Blantyre ndi Beira, wandilembera imelo. Akuti akafika ku Beira amaona nyumba zansanjika zakalekale, zasimenti, zamakhonde m'mwamba, koma kwathu kuno nyumba zakale n'zanjerwa, zazifupi, zamalata. Funso lawo: kodi Apwitikizi ankadziwa kumanga kuposa Angelezi?

Ayi bambo, nkhani si luso. Funsani kuti ankamanga ndani, komanso ankafuna kukhalamo ndani.

Blantyre anayamba ndi amishoni a ku Scotland mu 1876, amalonda n'kutsatira. Kunalibe doko kapena njanji. Katundu ankakwera ndi mtsinje wa Shire, kenako pamitu ya amtengatenga. Simenti mukanainyamula bwanji? Choncho ankamanga ndi dothi lomwe ankapondapo. Mandala House ya mu 1882, ya kampani ya African Lakes, ndi nyumba ya dothi, njerwa ndi matabwa, yozunguliridwa ndi khonde loti dzuwa ndi mvula zisamenye khoma.

Tsiku lina mukapuma, kaimeni pafupi ndi khoma la tchalitchi cha St Michael and All Angels pa HHI. Anachimanga kuyambira 1888 mpaka 1891, motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzirepo zomangamanga. Amisiri ake anali anthu akuda omwe ankaphunzirira pa ntchito pomwepo. Yang'anitsitsani njerwa zake: si zamtundu umodzi. Zina n'zokhota, zina zosongoka, zina zili ndi mizere, iliyonse ndi chikombole chake chosema pathabwa. Nsanja zake ziwiri sizifanana n'komwe. Kwa ine palibe nyumba ina m'Malawi muno yoposa imeneyi, ndipo amene amati atsamunda ndiwo anatimangira aiwala manja amene anaponda dothi ndi kuotcha uvuni.

Ku Mozambique nkhani inayambira kunyanja, kalekale. Pa chilumba cha Ilha de Moçambique pali katchalitchi ka mu 1522 ndi linga la São Sebastião, zomangidwa ndi miyala ya m'nyanja ndi laimu. Koma zimene mumaona ku Beira si zimenezo. Zambiri n'za m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, pamene boma la Portugal linkalimbikitsa anthu ake kusamukira ku Africa. Pofika kumayambiriro kwa m'ma 1970 azungu ku Mozambique anali cha m'ma 200,000, pomwe ku Nyasaland sanafikepo ngakhale 10,000. Azungu a kuno ambiri anali ku maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje kapena m'maofesi a boma ku Zomba, aliyense nyumba yake yapansi, bwalo lalikulu, kanyumba ka wantchito kuseri. A ku Mozambique anali amasitolo, amakaniki, ogwira ntchito kudoko ndi kunjanji, ofuna mafulati pakati pa tauni. Ndalama zinalipo, chifukwa katundu wa Rhodesia ndi Nyasaland yemwe ankadutsa pa doko la Beira.

Akatswiri achinyamata ojambula mapulani, omwe kwawo ku Portugal ulamuliro wa Salazar unkawapanikiza, anapeza ufulu ku Mozambique. Siteshoni ya sitima ya ku Beira, yotsegulidwa mu 1966, ndi chipatso chake. Ku Maputo, komwe kale kunali Lourenço Marques, katswiri wina wa mapulani, Pancho Guedes, anamanga nyumba zokhotakhota ngati zoumba ndi manja. Zina zinali zongodzionetsera: Grande Hotel ya ku Beira inatsekedwa mu 1963 isanathe ngakhale zaka khumi, ndipo lero mukukhala mabanja ambirimbiri opanda madzi ndi magetsi.

Musatengeke kwambiri ndi nsanjikazo. Mzinda wa simentiwo unali wa azungu, ndipo anthu akuda ankakhala kunja kwake m'nyumba zabango ndi malata. N'chimodzimodzi ndi kuno, Sunnyside ndi Mandala mbali ino, Ndirande mbali inayo.

Nsanjika zathu ngati Delamere House ndi Chayamba zinabwera mochedwa, ndipo pomwe dziko limati liyambe kumanga, ndalama zambiri zinapita ku Lilongwe, likulu latsopano kuyambira 1975. A Kamuzu ankadana ndi timasitolo takale ta m'tauni, n'chifukwa chake kunabwera zolemba nyenyezi yofiira pakhoma kuti nyumba igwetsedwe. Zina zinayeneradi kugwa, koma zina zinali mbiri yathu, ndipo masitolo a amwenye a ku Limbe amakhonde apamsewu akutha mwakachetechete.

Njerwa yootcha ija, imene amishoni anaphunzitsa m'masukulu awo aluso, inafalikira mpaka mudzi uliwonse, ndipo yadya nawo mitengo ya m'mapiri a Ndirande ndi Soche. Kuyambira 2018 malamulo saloleza njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu. Ndiye mabuloko a simenti amene mukuwaona akuumbidwa m'mbali mwa msewu ku Chirimba ndi Lunzu.