Mazira akusukusa m'ndowa: vuto ndi madzi aja, mayi

Mayi wina wa ku Mitundu wafunsa kuti: "Ndili ndi nkhuku za Mikolongwe 14 ndi atambala awiri. Patsiku ndimatola mazira 8 kapena 9. Ndimawatsuka bwinobwino ndi sopo n'kuwaika m'ndowa kukhitchini, koma pakangotha masabata awiri ambiri amakhala atasukusa. Filiji ndilibe. Nditani?"

Mayi, ndani anakuuzani kuti dzira amalisambitsa ngati mwana? Mazirawo mukuwononga ndinu. Dzira likamatuluka mu thadzi limakhala ndi kachinyezi kamene kamauma nthawi yomweyo n'kutseka timabowo ta pachigoba, tosaoneka ndi maso. Sopo wanuyo amachotsa chotsekacho, ndipo madzi ozizira amakokera litsiro la zitosi m'kati. Kenako mwakaliika kukhitchini, pafupi ndi moto, pansi pa malata, Okutobala wa ku Lilongwe ali pakati. Likanapirira bwanji?

Atambala awiriwonso ndikuwakayikira. Dzira lokhala ndi mbewu ya tambala likamva kutentha limayamba kupanga mwanapiye ngakhale palibe thadzi lolifungatira, kenako kamwanako kamafa n'kuola. Thadzi limaikira popanda tambala. Ngati simukufuna anapiye panopa, apatuleni.

Tsono chitani izi. Tolani mazira kawiri patsiku, chakumasana ndi madzulo, ndipo m'zisa muziika udzu wouma kuti asamade. Lomwe lili ndi kachitosi lipukuteni ndi kansalu kouma. Lodetsedwa kwambiri kapena long'aluka lidyedwe tsiku lomwelo.

Oyerawo apakeni mafuta ophikira tsiku lomwe aikiridwa. Njira imeneyi ndi imene ndimaikhulupirira kuposa zonse. Dontho limodzi pachikhatho, lizungulizeni dzira mpaka lingowala, osati kuchucha. Mafuta amatseka timabowo tija kuti madzi a m'kati asaume. Supuni imodzi imakwanira mazira pafupifupi 20, ndiye mwezi wonse simungawononge ndalama yoposa ya mazira atatu kapena anayi. Mafutawo akhale atsopano, asakhale okazingira usipa, chifukwa dzira limatenga fungo. Chilimwe china ndinaika mazira opaka mafuta ndi osapaka pa thireyi imodzi m'nyumba ya malata ku Nathenje. Pa sabata yachinayi tinaswa pamaso pa gulu la amayi: opakawo chachikasu chija chinali chozungulira, choima bwino m'mbale, pamene enawo chinangomwazika ngati phala lamadzi. Mayi amene ankanditsutsa kwambiri ndi amene anayamba kupempha botolo. Pamalo pozizirira bwino yembekezerani kuti mazira opaka mafuta akhala masabata anayi, mwina asanu. Ena amanena zosunga mazira m'madzi a laimu, koma ine ndi laimu wa m'magolosale wosadziwika bwinoyu sindikulimbikitsani.

Aikeni pa thireyi ya mazira 30 ija, nsonga yosongoka pansi. Ngati mulibe thireyi, mtsuko wadothi wokhala ndi utuchi wouma kapena mankhusu umagwira ntchito. Ukhale pansi, m'chipinda chomwe simulowa dzuwa, kutali ndi anyezi, palafini ndi feteleza. Lembani tsiku pa dzira lililonse ndi pensulo, akale azichoka poyamba.

Mukakayikira dzira, liponyeni m'kapu ya madzi musanaphike. Likagona pansi ndi labwino. Likaima chilili, liphikeni lero. Likayandama, tayani. Musawiritse mazira poganiza kuti akhalitsa. Lowiritsa limawonongeka msanga kuposa laliwisi.

Chenjerani: mazira ofuna kufungatiritsa osawapaka mafuta, mwanapiye amapuma kudzera m'timabowo tomweto. Asapitirire masiku 7 mpaka 10 musanawapatse thadzi, ndipo anapiye amaswa pa masiku 21.

Komanso mayi, mazira 60 pasabata n'ngosungiranji onse? Mathireyi awiri amenewo. Amayi ophika mandasi ndi zigumu, anyamata okazinga tchipisi pa Mitundu pomwepo, amafuna mazira tsiku ndi tsiku. Gwirizanani ndi mmodzi azitenga Lachisanu lililonse. Ndipo ana adye. Ndimamvabe m'midzi kuti mayi woyembekezera akadya dzira abereka mwana wopanda tsitsi. Bodza limenelo. Swerani dzira limodzi m'phala la mwana likadali pamoto, mutakase mpaka lipse.

M'funso lanu simunatchule katemera wa chitopa. Ngati papita miyezi inayi musanadonthezere nkhukuzo katemerayu, wotchedwa I-2, m'diso, pitani kwa alangizi a ziweto a kwanuko sabata ino.