Za bambo wa mjigo ndi 20 peresenti yakeyo

Achemwali, imani kaye. Ndalama ya fodya mwatenga ku Chinkhomayo musathamangire kumupatsa bambo mukuti akulonjeza phindu la 20 peresenti mwezi uliwonse mukamusungitsa ndalamayo, ngakhale zili zoona kuti anakumba mjigo ndipo akulipirira ana amasiye fizi monga mukuneneramo. Ifenso wathu anali wotero. Iye anachita kugula malata a tchalitchi chonse, abusa n'kumuimiritsa kutsogolo, ife m'manja phwa phwa phwa.

Munali mu 2022, kwacha itangogwa ndi 25 peresenti mwezi wa Meyi uja. Aliyense ankaopa kuti ndalama ikagona kubanki isanduka mapepala, feteleza akungokwera. Munthu uja anabwera atamanga tayi, akuti anagwirapo ntchito yoyendetsa ndalama za anthu ku Blantyre, masheya amawadziwa ngati dzina lake. Miyezi yoyamba phindu linkalowadi pa foni tsiku lomwe analonjeza. Ndiye aliyense anakaitana m'bale wake.

Mvula itayandikira ndinapita ku ofesi yake pa boma kuti ndikatape yolipira matenanti ndi yogulira feteleza. Ndinapeza loko watsopano pachitseko, woika mwini nyumba, poti naye lendi anali asanalandire. Ndinasuzumira pawindo. Tebulo lilipo, mpando ulipo, satifiketi yothokoza ya ku tchalitchi ija ikadali pakhoma mu felemu yake, koma kompyuta ndi mafayilo kulibe, pangotsala waya ali lendelende. Pakhonde panali amayi a banki m'khonde ochokera ku Santhe, msungichuma wawo atagwira kope la masheya a gulu lonse, osalira, kumangotsegula ndi kutseka kopelo. Bambo wina wa ku Chamama anali atagulitsa ng'ombe za ngolo. Ankaimba nambala ija mobwerezabwereza, foni ili pa sipika, tonse n'kumamvera limodzi kuti sikupezeka. Ine miyendo inangozizira. Chimene ndinkaganiza si ndalama ayi, koma nkhope za matenanti, anthu oti akhala pamunda panga chaka chathunthu ndi ana awo akudikira tsiku limenelo. Ndinafika kunyumba kutada dala.

Koma amene amandipsetsa mtima mpaka lero si wothawayo. Ndi akuluakulu aja ankatinyengerera kuti munthu wa Mulungu uyu, wopatsa sanganame. Iwo anatapa zawo msanga, wina mpaka anagula njinga yamoto, lero tikakumana pamaliro amayang'ana kumbali. Manyazi alibe! Ndipo malata aja, mukaganiza bwino, tinagula ndife. Anangotenga ndalama zathu n'kukapereka m'dzina lake.

Musaganize kuti zimenezi ndi za ife osapita patali kusukulu. Bernard Madoff wa ku New York anakhalapo wapampando wa msika wa masheya wa Nasdaq, ankadziwika ndi kupereka ku zachifundo, mabungwe othandiza anthu n'kumamusungitsa chuma chawo. Atamangidwa mu Disembala 2008 zinadziwika kuti ankangolipira akale ndi ndalama za atsopano, mabungwe ena mpaka anatseka. Anamulamula zaka 150, anafera kundende mu 2021. Opatsa enieni aliponso, sindikukana. Warren Buffett, mpondamatiki wa ku America, analengeza mu 2006 kuti apereka chuma chake chochuluka, koma amapereka masheya akeake, ndipo mabuku a kampani yake ya Berkshire Hathaway aliyense amatha kuwawerenga. Wanuyo mabuku ake munawaona?

Mufunseni chiphaso cha ku Reserve Bank, chifukwa ndi kumene amalembetsa oyendetsa ndalama za anthu. Asakuonetseni cha kaundula wa bizinesi, icho ngakhale wa golosale ali nacho. Mufunsenso ndalamayo ikukagona kuti kwenikweni. Ngati ndi masheya, a Illovo, TNM, Airtel kapena National Bank amagulidwa pa Malawi Stock Exchange kudzera kwa mabuloka ovomerezeka, omwe ntchito yawo ndi kugulira anthu masheya, ndipo amalembedwa m'dzina lanu, osati lake. Amakwera, amatsika, phindu lake amagawa kamodzi kapena kangapo pachaka. Palibe wa chilungamo angakulonjezeni 20 peresenti mwezi uliwonse.

Komabe kusiya ndalama chigonere nakonso n'kutaya, mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, mukukumbukira. Ndiye ngati mtima wakakamira pa iyeyo, ikaniko kochepa koti kakapita simudwala nako, ndipo phindu likangolowa tapani, musamvere zoti libwerere momwemo kuti lichulukane. Kwa ife amene anadya ndi omwe analowa msanga n'kutuluka msanga. Musaitanirekonso achibale, udani wake sutha. Matenanti alipireni sabata ino, feteleza mugule muike m'nyumba, ndipo za mjigozo musamukanize, akumbe wina kumsika kuja, madziwo tikuwafuna.